Tsiku Limene Ndinayeza Dikoda pa Sikelo

Tsiku limenelo m'nyumba mwanga ku Luwinga tinalimo anthu asanu ndi mmodzi, ndipo ndiwatchula onse kuti wina asadzanene kuti mdala uja anabisa mboni. Ndinalipo ine mwini nyumba. Analipo mayi a kunyumba, mkazi wanga, Mtumbuka wa konkuno. Analipo mwana wathu wamwamuna, chitsirizira, amene anali m'chaka chomaliza ku yunivesite, akuphunzira za makompyuta. Analipo mtsikana wa ku Masasa, mphunzitsi wa ku pulayimale, amene mwana wangayo anabwera naye koyamba kudzamuonetsa kwa ife makolo. Analipo mkulu wa mpingo mnzanga, amene tinkakhala benchi limodzi kutchalitchi. Ndiye analiponso aphunzitsi a ku yunivesite, amene ankachita lendi nyumba yogundana ndi yathu. Basi, ndi amenewo. Onsewa anamva zimene ndinayankhula, chifukwa ine ndikayankhula palibe amene amatsala.

Sukulu ndinalekezera sitandade 3, kwathu ku Dowa. Kulemba ndimalemba monga mukuonamu, mzere umodzi kupuma, mzere wina kupuma. Koma manambala ndimawadziwa. Ku Mzuzu kuno ndinabwera ndi kampani yogula mbewu, ndipo ntchito yanga inali pa sikelo: kukoleka thumba, kuyang'ana singano, nkukuwa kulemera kwake kuti kalaliki amve ali mkati mwa shedi. Ndinakuwa choncho mpaka imvi. Ntchito inatha koma mawu sanabwerere m'malo mwake. Mayi a kunyumba amati ndikamanong'ona, agalu a kwa aneba amayankha.

Chimene ndinkanyada nacho si mawu okha ayi, koma dzanja. Thumba ndinkalidziwa ndisanalikoleke. Ena ankathira mchenga pakati pa nyemba, ena miyala, ena kunyowetsa chimanga usiku kuti chilemere. Ine ndikangonyamula pakona, ndinkamva kuti umu muli mlendo. Tinali ndi kachitsulo kobowoka kobayira matumba, ndipo lamulo langa linali limodzi, ndinkalinena kwa aliyense, ngakhale kwa ana anga pa nthawi ya chakudya: thumba likalemera kuposa maonekedwe ake, libaye. Ndikapeza mwala ndinkakhuthula thumba lonse pansi pamaso pa mzere wonse, nkuukweza mwalawo m'mwamba kuti aliyense auone. Sindinkamva chisoni. Ndinkati ndiye chilungamo.

Koma nditapuma ntchito, pa katundu wa m'sitolo ndinali ndi lamulo lina, ndipo sindinaone kuti malamulo awiriwa akumenyana. Ndinkati cholemera ndiye chenicheni. Ayironi yolemera, loko wolemera, wailesi yolemera. Chinthu chikapepuka m'manja ndinkachibweza pa kauntala osafunsa ndi mtengo womwe. Ndipo kawirikawiri ndinkakhoza, ndiye ndani akanandiuza kanthu?

Pamene ndinkagula malo ku Luwinga kunali tchire ndi nkhungu, usiku kumalira achule okha. Yunivesite itayamba kukula, aliyense anayamba kumanga timazipinda ta ana a sukulu, nane ndinamanga tinayi kuseri. Kunabwera magolosale, maminibasi akuitanira tauni, tauni, ndipo pa madenga panamera madishi a kanema ngati bowa wa m'dzinja. Denga langa lokha linali mbee. Tivi ndinali nayo, koma ya matchanelo a konkuno okha. Mpira wa kunja ndinkakaonera kwa aphunzitsi aja. Anali munthu wabwino, ankandipatsa mpando wa khushoni, koma ine m'nyumba mwa munthu wina ndimakhala ngati ndavala nsapato yothina. Chigoli chikalowa ndinkayenera kumeza mawu chifukwa m'chipinda munkagona khanda. Munthu wamkulu ngati ine, wa nyumba zanga, kumagogoda pa khomo la munthu wa lendi kupempha mpira! Komanso zolipira mwezi ndi mwezi ndinkakana. Ndinkati ine sindingachite lendi m'nyumba mwanga momwe.

Tsiku lina ndili mumsika waukulu m'tauni, chakufupi ndi depoti, bambo wina wogulitsa mafoni anandikodola. Anasolola katoni pansi pa benchi.

"Adada, iyi njiweme chomene," anatero m'Chitumbuka, kutanthauza kuti ndi yabwino kwambiri. "Dikoda iyi mukagula kamodzi mwathana nazo. Imatsegula matchanelo onse, a mpira, a mafilimu, osalipiranso."

Anandiwerengera zolembedwa pa katoni, chala chikuyenda pa Chingerezicho. Anati ubongo wake ndi waukulu, nkundionetsa nambala 64 yolembedwa mofiira. Imeneyo ndinaiwerenga ndekha. Anati kumbuyo kuli mabowo awiri a waya wa dishi, kuti uzionera china kwinaku ikukusungira china. Anati tinyanga tiwiri tili pamwambato ndi tokokera intaneti, ndipo chithunzi chake mpaka uziwerenga thukuta pa mphumi pa wosewera. Zonsezo ndinkangomva ngati mvula pa malata. Ndinati, "Bweretsa kuno." Ndinaiika pa chikhatho, nkuitsitsa, nkuikweza. Inali yolemera. Nkhani inathera pomwepo.

Mukandifunsa ngati ndinkadziwa kuti chinthucho nchobera, ndikuyankhani kuti ee, ndinkadziwa. Chinthu chololedwa sachisolola pansi pa benchi. Koma ndinadziuza kuti zodutsa mumlengalenga zilibe mwini, mphepo ndi ya Mulungu. Mkulu wa mpingo, ine, kudzilalikira ndekha ulaliki umenewo mu minibasi, katoni ili pa miyendo.

Bamboyo anabwera kudzakhoma dishi, nkulumikiza zolumikizazo. Masiku oyamba inkaonetsa ndithu. Nthawi zina chithunzi chinkaima, nkusweka timabokositimabokosi, koma ndinkati ndi kamvula ka Mzuzu kameneka, kosadziwa nyengo.

Lachitatu lake mwana wanga anabwera kuchokera ku sukulu. Anatenga katoni ija, kuitembenuza uku ndi uku, nkusuzumira kumbuyo kwa dikodayo. Ndi mwana wofatsa, anatengera mayi ake, ndipo amanditchula adada monga amachitira ana a kuno.

"Adada," anatero, "zalembedwa apazi sizingakhale mkatimu."

"Bwanji?"

"Zonsezi zikanakhalamo, sikanamachita chibwibwi chonchi. Mukasintha tchanelo imayamba yaganiza kaye. Ubongo wake ndi wochepa kwambiri."

Ndinatenga rimoti, nkudina pamene wogulitsa uja anandionetsa. Pa tivi panatuluka 64 yemweyo. "Werenga," ndinatero. "Makina akunena okha."

"Makina amanena zimene anauzidwa kuti azinena, adada. Komanso zimenezi nzakuba, mukudziwa."

Ndinaseka mpaka mayi ake anasuzumira kuchokera kukhitchini. Iye sanaseke. Anangoti, "Loweruka ndikubwera ndi mlendo uja ndinakuuzani. Chonde, chinthuchi chidzakhale chozimitsa. Tidzangocheza."

Anandipempha kanthu kakang'ono choncho. Ine ndinamva ngati akuchita manyazi ndi katundu wa bambo ake. Mawa lake ndinapita kukaitana mkulu wa mpingo ndi aphunzitsi aja kuti Loweruka lomwelo masana adzaonere mpira kwanga. Ndinkafuna aphunzitsiwo akhale pa mpando wanga, ameze mawu awo m'nyumba mwanga. Ndinkafunanso mtsikanayo akanene ku Masasa kuti banja limene akulowalo si la anthu wamba.

Loweruka kunacha ndi kamvula kowaza. Mayi a kunyumba anapha nkhuku, anaphika mpunga. Mtsikanayo anafika atavala chitenje bwinobwino, nkugwada pafupi ndi chitseko. "Monire, adada." Mawu ake anali apansipansi. Ndinamukonda pomwepo, ndinene zoona. Tinadya, tinafunsana za kwawo, zonse zinkayenda bwino. Kenako kunamveka odi, nkulowa mkulu wa mpingo ndi ambulera yake, pambuyo pake aphunzitsi. Mwana wanga anandiyang'ana kamodzi, nkuyang'ana pansi.

Ndinayatsa. Mpira unayamba, udzu uli biriwiri, ndipo ine ndinaima pambali pa tivi ngati ndine ndaupanga.

"Aphunzitsi, yanu ija ili ndi tinyanga?"

"Ilibe, adada."

"Mabowo angati kumbuyo?"

"Limodzi."

"Yanga awiri. Ubongo 64. Ndipo mwezi ukatha palibe amene amandigogodera."

"Yewo, muli ndi mwayi," anatero aphunzitsi, akumwetulira m'kapu ya tiyi.

Mkulu wa mpingo anakanda kumutu. "Koma achimwene, eni ake a mpirawu akudziwa kuti uli kuno?"

"Adziwe bwanji, poti ali kutsidya kwa nyanja? Imwani tiyi, akulu."

Sipanapite nthawi, wosewera wina anathamanga ndi mpira mpaka pafupi ndi golo, nkukweza mwendo kuti amenye. Mwendowo unakhala m'mwamba. Sunatsike. Munthu yense anauma gwa, nkhope yake nkusweka timabokosi. Tinadikira. Ndinadina rimoti, ndinaimenya pa chikhatho. Palibe.

"Ndi mvulayi," ndinatero.

Ndisanatseke pakamwa, kuseri kwa khoma, kunyumba kwa aphunzitsi, kunabuka chiphokoso. Akazi awo ndi alamu awo ankaonera mpira womwewo pa dikoda yawo yolipira, ndipo anakuwa chigoli mpaka khanda linalira. Mvula yomweyo, denga loyandikana. Kwanga mwendo unali udakali m'mwamba.

"Mwina akupemphera kaye asanamenye," anatero mkulu wa mpingo.

Aphunzitsi anatsokomola kuti abise kuseka. Ndinagwira dikoda, inali yotentha ngati ayironi. Ndiye mwana wanga anayankhula, motsitsa, kufuna kundithandiza ndithu, tsopano ndikudziwa.

"Izimitseni ipume, adada. Yalemedwa. Ndi chija ndinanena, mkatimo mulibe mphamvu zimene analemba."

Chija ndinanena. Pamaso pa aphunzitsi, pamaso pa mlendo. Magazi anandikwera kumutu, ndipo mawu anga a pa sikelo anatuluka onse.

"Iwe! Unanena chiyani? Ukudziwa chiyani iwe? Ine ndanyamula katundu ndi manja awa iwe usanabadwe! Sukulu yakupusitsa eti? Aphunzitsi, ndi zimenezi mukuwaphunzitsa kumeneko, kutsutsa makolo?"

"Abambo, alendo," anatero mayi a kunyumba.

Sindinamve. Ndinatembenukira kwa mtsikana uja. Zimene ndinamuuza ndizilemba monga ndinazinenera, ngakhale dzanja likukana.

"Mayi, muganize bwino musanalowe. Munthu mukumuonayu amadziwa zonse, koma chaka chatha analephera mayeso, anachita kubwereza. Anakuuzani? Wolephera mayeso ndiye azindiuza ine za ubongo?"

Mwana wanga anali asanamuuze. Ndinaona pa nkhope ya mtsikanayo, mmene anaphethira nkuyang'ana zala zake. Nkhani imeneyo mwana wanga anaiulula kwa ine ndekha, tili awiri pa khonde, misozi ili m'maso, mayi ake asanamve. Anali atadwala nthawi ya mayesowo. Ndinkadziwa zimenezo, ndipo sindinazitchule.

 Mwanayo anangokhala, manja pa mawondo. Kufatsa kwakeko kunandiwonjezera moto. Ndinalowa kuchipinda nkutulutsa kasikelo kanga kokoleka, kakang'ono koyezera khofi, kamene ndinatsala nako pochoka pa ntchito. Kuseri kwa khoma phokoso linali litazirala, osewera atapita kokapuma. Ndinawauza aphunzitsi kuti akatenge dikoda yawo. Anayesa kukana, ndinawakweza mawu, anapita.

Ndinakoleka sikelo pa msomali wa pa chitseko. Ndinaika ya aphunzitsi mu jumbo, nkukoleka. Singano inangosuntha pang'ono. Ndinakuwa kulemera kwake monga kale, ngati kalaliki ali mu shedi. Ndinazula yanga, nkuika. Singano inapita kutali, pafupifupi kawiri.

"Mwaona? Sikelo sinama! Ubongo umalemera! Akulu, bwerani muone ndi maso anu, mudzachitire umboni."

Mkulu wa mpingo anadzuka, anasuzumira, nati, "Yalemeradi."

Pakanathera pamenepo ndikanapambana, ndipo mwina mpaka lero ndikanakhala ndikuyenda ndi bodzalo. Koma munthu wonyada sakhuta. Ndinaiponya dikodayo pa miyendo ya mwana wanga.

"Tsegula! Tsegula pamaso pa anthuwa, uone zimene ukuti mulibezo."

"Adada, tisatero lero."

"Waopa? Tsegula!"

"Chonde, tidzatsegula tili awiri."

"Ndati tsegula, wolephera iwe!"

Anadzuka, nkukatenga sikuludiraiva m'dirowa. Anagwada pa tebulo la pakati, nkusuntha makapu.  Anamasula timisomali tinayi, nkutiika m'sosala kuti tisasowe, kenako anatukula chivindikiro nkubwerera m'mbuyo.

Tonse tinaweramira.

Mkatimo munali bwalo. Pakona panali kabolodi kobiriwira, kochepa kuposa chikhatho cha mwana. Bowo lachiwiri la waya wa dishi linali bowo chabe, kumbuyo kwake kopanda waya ngakhale umodzi. Tinyanga tija tinali pulasitiki yokhayokha, tomata ndi guluu, tosalumikizana ndi chilichonse. Ndipo pakatikati, atachimata ndi guluu wambiri wachikasu, panali chitsulo. Chitsulo wamba chaphanthiphanthi, chonga zotsala kwa owotcherera mafelemu a mawindo, mbali imodzi chili ndi dzimbiri, kumapeto kukuoneka mano a sowo.

Aphunzitsi anavala magalasi, nkuwerenga timalemba ta pa kabolodiko. "Apa 64 palibe, adada," anatero mwaulemu. "Ngakhale pafupi."

Sanafunikire kundiuza. Maso anga anali pa chitsulocho. Ndinachidziwa monga umadziwira nkhope ya munthu wa kwanu pa depoti. Unali mwala wa pakati pa thumba. Amene anapanga chinthuchi, kaya ali dziko liti, ankadziwa kuti kuli mdala wina amene sadzawerenga katoni koma adzaika pa chikhatho. Anandiphikira ine ndendende. Zaka zonse zija ndinkagwira alimi ndi mchenga wawo, ndipo ndinagwa pa msampha womwewo, nkuitana mboni, nkubweretsa ndi sikelo yomwe.

Ndinakumbukira bambo wina wa ku mapiri amene ndinamukhuthulira nyemba pansi, nkukweza mwala wake m'mwamba, mkazi wake ali pomwepo. Mmene anayang'anira pansi tsiku lija. Ndinali ndisanamuganizirepo mpaka nthawi imeneyo.

Mkulu wa mpingo anagogoda chitsulocho ndi chikhadabo. "Chimenechi nchabwino kutsekera chitseko kukamaomba mphepo," anatero. Palibe anaseka, ngakhale mwini nthabwalayo.

Ndinatsegula pakamwa kuti ndinene kanthu, kaya kutukwana wogulitsa uja, kaya chiyani. Sipanatuluke mawu. Mayi a kunyumba akuti chikwatiranireni anali asanaonepo zimenezo. Mtsikana uja ndiye anatipulumutsa tonse: anadzuka mwakachetechete, nkuyamba kutolera makapu ngati ndi mwana wa pakhomo, nkupita nawo kukhitchini. Mayi anamutsatira. Aphunzitsi ananyamula dikoda yawo nati amene akufuna chigawo chachiwiri abwere, ndipo mkulu wa mpingo anatola ambulera yake mofulumira kuposa msinkhu wake.

Patapita kanthawi mtsikanayo anabwera kudzatsanzika. Anagwadanso pomwe paja. "Yewo chomene, adada, chifukwa cha chakudya." Ndinangogwedeza mutu. Mwana wanga anamuperekeza kokakwera minibasi.

Ndinatsala ndekha ndi bokosi lotsegula. Ndinakanganula chitsulocho ndi mpeni, nkuchiika pa chikhatho. Bokosi lotsalalo linapepuka ngati chikho chopanda madzi. Kwa wogulitsa uja sindinabwerereko, ngakhale Lolemba kapena tsiku lina lililonse. Ukanakamuuza kuti wakubera chiyani, iwe unkagula chobera? Dishi inakhala pa denga chaka chathunthu ikungolandira mvula. Chitsulocho ndili nachobe, chili m'dirowa limodzi ndi kasikelo kaja.

Loweruka lija mwana wanga anabwerera dzuwa lisanalowe, mapewa atanyowa. Anandipeza pa khonde, pomwe paja anandiuzira za mayeso. Ndinkayembekezera kuti andidutsa, kapena alongedza zovala azikagona kwa anzake. Anakoka kampando nkukhala pafupi nane. Ndinkafuna kufunsa ngati mtsikanayo wakhumudwa, koma mawu anali asanabwerere.

Zimene anandipempha pamenepo, zomwe ndizilemba kumapetoku, zinali zosavuta, koma ndinazengereza. Ndinkati mawa, ndinkati Lamulungu likubwerali. Kwa mayi ake ndinapepesa, kwa mtsikana uja ndinachita kuzungulira, ndipo anandimvetsa, lero ndi mpongozi wanga. Koma onse pamodzi sindinawasonkhanitse. Aphunzitsi anasamukira kumwera, mkulu wa mpingo mnzanga tinakamuika m'manda ndisananene kanthu kwa iye. Nchifukwa chake ndagwira cholembera chimene sindichidziwa bwino, nkuyamba ndi kuwatchula onse. Mwana wanga sanali wolephera, anadwala. Sukulu sinamupusitse. Wopusitsidwa ndinali ine.

Madzulo aja pa khonde, mwana wanga anatenga chitsulocho m'manja mwanga, nkuchitembenuza, nkundibwezera. Ndipo anati:

"Adada, za chitsulochi musadandaule, anamizidwa ndi ambiri. Ndipo zimenezi sindinaphunzire ku yunivesite ayi. Munkanena ndinu, kuti thumba likalemera kuposa maonekedwe ake, libaye. Ine ndinkafuna tilibaye tili awiri. Koma mawu aja a wolephera, munawanena mokuwa, pamaso pa anthu. Mukadzafuna kuwabweza, musadzandinong'oneze pa khonde pano. Mudzaitane anthu omwe aja, ndipo mudzakuwe chimodzimodzi."